Kugula Puloti pa Malo Omwe Kale Anali Esiteti: Malangizo kwa Mabanja a m'Chigwa cha Domasi

Msewu wa M3 ukatuluka mumzinda wa Zomba kulowera ku Liwonde umayenda m'tsinde mwa mapiri. Kumanzere kuli phiri la Zomba, kutsogolo kwake kuli la Malosa, ndipo pakati pa mapiri awiriwa pamatsika mtsinje wa Domasi womwe umakathira m'nyanja ya Chilwa. Dera limeneli, lomwe mbali yake yaikulu ili m'manja mwa mfumu yaikulu Malemia, lili ndi zinthu zomwe munthu wofuna kumanga amazilakalaka: madzi otsika m'phiri, kamphepo kozizira, msewu wa tala, msika wa Songani, komanso tauni ya Zomba pa mtunda wosapitirira makilomita 20.

N'chifukwa chake ofuna malo achuluka. Pali aphunzitsi a ku Domasi College of Education ndi ogwira ntchito ku Malawi Institute of Education, anamwino a ku St Luke's ku Malosa, asilikali a ku Cobbe Barracks omwe atsala pang'ono kupuma pantchito, ndi ana a m'mudzi omwe ali ku Joni ndipo amatumiza ndalama kuti abale awapezere kamalo. Kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kunaphunzitsa anthu kuti ndalama yosunga kubanki imasungunuka pamene nthaka siichepa mtengo. Anthunso ndi ambiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 740,000 m'boma la Zomba, osawerengera a mumzinda.

Pamene ofuna achuluka, madobadoba nawo sachedwa. Ena mwa malo omwe amadulidwa mapuloti m'madera otere ndi omwe kale anali esiteti: panali fodya, khofi, bulugamu kapena busa la ng'ombe. Malo oterewa amakopa chifukwa ndi otambasuka, ndipo wogulitsa amanyadira kuti "ali ndi mapepala". Koma mapepala a esiteti yonse si mapepala a puloti ya munthu mmodzi, ndipo mabanja ambiri amaluza ndalama pa mpata umenewu.

Malowa anachokera kuti

Wogula wanzeru amayamba ndi mbiri. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston, yemwe ankalamulira dziko lino m'malo mwa boma la Britain, anapereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim kwa azungu ndi makampani omwe ankati anagula malo kwa mafumu. Malo pafupifupi maekala 3.7 miliyoni anachoka m'manja mwa eni dziko mwa njira imeneyi. Ku Zomba dzina lodziwika linali la John Buchanan ndi abale ake, omwe ankalima khofi ndi nzimbe, ndipo minda yawo inadzalowa m'kampani ya Blantyre and East Africa mu 1901. Mishoni nazo zinatenga magawo awo. Ya Domasi inayamba mu 1884 ndi Alexander Hetherwick.

Anthu omwe anapezeka pa malo a azungu anasanduka alendo pakwawo, akugwira thangata. Mkwiyo wa ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, ndi umene unaphulika mu 1915 nthawi ya John Chilembwe. Lipoti la Sir Sidney Abrahams la 1946 litatuluka, boma la atsamunda linayamba kugula malo a maesiteti omwe sankalimidwa n'kukhazikapo anthu. Choncho pali malo omwe okalamba amawatchulabe ndi dzina la mzungu wakale, chonsecho anabwerera kwa mafumu kalekale.

Dziko litalandira ufulu kunabwera maesiteti a mtundu wina. Lamulo linkalola eni esiteti okha kulima fodya wa bale, ndiye anthu ambiri anatenga malo a makolo n'kuwasandutsa a lizi. Maesiteti anachoka pa 1,200 mu 1979 kufika oposa 14,000 mu 1989. Ambiri anali m'chigawo chapakati, koma kum'mwera analiponso. Malizi a ulimi amenewa kawirikawiri anali a zaka 21. Aliyense akhoza kuwerengera yekha: lizi ya 1988 inatha mu 2009. Kafukufuku wa World Bank wa 2017 anapeza kuti pafupifupi malizi a ulimi 70 mwa 100 alionse m'Malawi anali atatha nthawi yake.

Ndiye mawu akuti "panali esiteti" akhoza kutanthauza zinthu zosiyana kwambiri. Akhoza kukhala malo a freehold ochokera ku nthawi ya atsamunda, malo a lizi yomwe ikadali ndi moyo, malo a lizi yomwe inafa, malo a boma, malo a mpingo, kapena malo omwe anabwerera kwa mafumu. Iliyonse mwa izi ili ndi khomo lake logogoda.

Pepala lomwe lili m'manja mwa wogulitsa

Chinthu choyamba kupempha ndi chikalata chenicheni cha umwini pamodzi ndi mapu ake, otchedwa deed plan. Wogula alembe nambala ya chikalatacho, dzina la mwini wake, kukula kwa malo, chaka chomwe lizi inayamba, zaka zake, ndi ntchito yomwe malowo anaperekedwera. Wogulitsa wokana kuonetsa zimenezi, kapena woyankha kuti mapepala ali kwa achimwene ku Lilongwe, wamuthandiza kale wogula kudziwa chochita.

Ndi nambala imeneyo wogula apite ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya boma la Zomba, ndipo ngati kutafunika akafike ku ofesi ya Regional Commissioner for Lands ku Blantyre, kukapempha kuti amufufuzire m'kaundula. Amalipira kangachepe ndipo alandire lisiti ya boma. Kafukufukuyu amaulula zomwe wogulitsa sanganene: ngati dzina lili m'kaundula ndi lakedi, ngati malowo anaikidwa chikole kubanki, ngati wina anaikapo chiletso chifukwa cha mlandu, ngati lendi ya boma ya chaka ndi chaka ikulipiridwa. Maesiteti ambiri anagwa ndi ngongole za fodya. Banki ikadzabwera kudzagulitsa malo a chikole siifunsa kuti pakona pake wina anamangapo nyumba ya malata.

Pali msampha wina womwe ndi wofala kwambiri pa maesiteti a m'ma 1980. Mwini wake anamwalira, ndipo amene akugulitsa ndi mwana mmodzi mwa ana asanu ndi atatu, mwina a amayi awiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana onse. Amene ali ndi mphamvu yosaina ndi yekhayo yemwe khoti linamupatsa kalata yoyendetsera chumacho, kapena wotchulidwa mu wilo yomwe khoti lavomereza. Kukhala woyamba kubadwa si chilolezo.

Ngakhale zonsezi zikhale bwino, mwini lizi sangangotenga chingwe n'kuyamba kudula. Malo a lizi ya ulimi anaperekedwa kuti azilimidwa. Kuwasandutsa a nyumba kumafuna chilolezo chosintha ntchito ya malowo, kuwagawa kumafuna pulani yovomerezedwa ndi a mapulani, ndipo kusamutsa umwini kumafuna chilolezo cha unduna wa za malo. Lamulo la mapulani la 2016 linaika dziko lonse pansi pa ndondomekoyi, osati matauni okha monga kale. Malamulo a za malo atasinthidwanso mu 2022, anakhwimitsa kugulitsa malo a lizi ndi a freehold omwe sanatukulidwe, komanso kugulitsa malo kwa anthu omwe si nzika. Choncho wogula afunse ku ofesi mwachindunji: "Kodi malo awa, momwe alilimu, lamulo likulola kuti agulitsidwe ngati puloti?" Yankho lake alipemphe lolembedwa.

Wogulitsa amene anachita zonse mwadongosolo amakhala ndi pulani yoonetsa puloti iliyonse ndi nambala yake, misewu ya pakati, ndi mabikoni a simenti oikidwa ndi saveya wovomerezeka. Amene sanachite amalozera ndi dzanja: kuchokera pa mango apo kukafika pa chulu icho. Mango amadulidwa, chulu amaumbira njerwa.

Mfumu, mbumba ndi komiti

Ngati zapezeka kuti malowo ndi a makolo, nkhani imasintha. Makhoti a m'Malawi akhala akugamula kuti mfumu imasunga malo m'malo mwa anthu ake ndipo ilibe mphamvu yowagulitsa ngati katundu wake. Kalata ya a mfumu yokhala ndi chidindo ndi umboni wofunika, ndipo mlendo amene angamange osakaonekera kwa a nyakwawa ndi a gulupu wadziputira mavuto. Koma kalatayo payokha si chiphaso cha umwini.

Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa komiti ya malo pa gulupu aliyense. Wapampando wake ndi a gulupu, ndipo mamembala ena asanu ndi mmodzi amasankhidwa ndi anthu, osachepera atatu akhale amayi. Komitiyi, mothandizidwa ndi mlembi wa za malo wochokera ku khonsolo, ndi yomwe imayendetsa kulembetsa malo kuti munthu kapena banja lipeze chiphaso. Mikangano imayambira ku bwalo la malo la kwa mfumu yaikulu, kenako la paboma. Ntchito yolembetsayi sinafike mofanana m'madera onse, ndiye wogula afunse ku khonsolo momwe zilili m'mudzi womwe akufunamo malo.

Ku Domasi kuli chinthu china chomwe obwera kuchokera kumpoto kapena ku Lower Shire amachiphonya. Kuno n'kwa chikamwini. Pakati pa Ayao, Anyanja ndi Alhomwe a m'derali munda umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. J. Clyde Mitchell analemba za dongosolo limeneli m'buku lake la 1956 lonena za midzi ya Chiyao, ndipo Pauline Peters, yemwe wachita kafukufuku m'midzi ya Zomba kuyambira 1986, anapeza kuti likadali lamphamvu. Bambo wovala jekete amene akutsogolera wogula m'munda akhoza kukhala mkamwini chabe. Akhozanso kukhala mwini mbumba, koma nayenso ndi mlonda wa malo a alongo ake, osati mwini wake. Wogula afunse mwaulemu kuti, "Kodi amayi eni ake a munda uno ndi ati? Tingakhale nawo pansi?" Ngati amayiwo ndi ana awo aakazi sakuoneka pa zokambirana, adzaoneka tsiku lokumba maziko.

Anthu omwe alipo kale

Esiteti ikagona zaka zambiri siikhala yopanda anthu. Matenanti akale ndi ana awo amatsalira, midzi yoyandikana imalowetsa mizere pang'onopang'ono, njira ya kuchigayo imadutsa pakati, ndipo pena pamakhala manda. Pamapu zonsezi sizioneka. Lamulo limapatsa mwini malo zaka 12 zoti akadandaule kukhoti za munthu yemwe walowa pamalo ake. Akalekerera kupitirira apo, mlandu wake umavuta kwambiri. Wogula puloti yomwe banja lina lalima zaka 20 wagula mlandu.

Dziko lino linaphunzirapo kale pa nkhani yogula maesiteti akale. Kuyambira 2004 mpaka 2011 boma, ndi thandizo la World Bank, linayendetsa pulojekiti ya Kudzigulira Malo. Mabanja oposa 15,000, ena ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, anagula malo a maesiteti makamaka ku Machinga, boma loyandikana ndi Domasi, ndi ku Mangochi. Banja lililonse linkapeza pafupifupi mahekitala 2 ndi thandizo la madola 1,050. Ogula ankakhala m'magulu, malo ankayezedwa, ndipo chikalata chinkatuluka m'dzina la gulu. Ambiri anakolola zochuluka kuposa kwawo. Komabe ngakhale boma linali pambuyo pawo, ena analimbana ndi midzi yoyandikana pa za malire, ndipo ena anavutika chifukwa madzi, sukulu ndi chipatala zinali kutali. Ngati zinawavuta anthu okhala ndi masaveya a boma, banja logula palokha lisayerekeze kuti zingoyenda.

Pali phunziro linanso m'pulojekitiyi: kugula pagulu kumathandiza. Mabanja khumi omwe akufuna mapuloti pa esiteti imodzi akhoza kusonkherana ndalama ya loya mmodzi ndi saveya mmodzi, ndipo mawu awo amalemera akamauza wogulitsa kuti ayambe wamaliza mapepala.

Njira yosavuta yodziwira zoona ndi kubwerera pamalopo tsiku lina popanda dobadoba. Wogula acheze ndi amayi a pamjigo, mkulu wa mpingo kapena shehe wa pamzikiti wapafupi, ndi eni minda ya mbali zonse zinayi. Safunsa anadya phula.

Phiri nalo lili ndi mawu

Anthu a ku Zomba safuna kuuzidwa za napolo. Mu Disembala 1946 mvula yamphamvu inagumula mbali za phiri la Zomba, madzi, matope ndi miyala zinatsika n'kukokolola milatho ndi nyumba, anthu n'kufa. Ku Phalombe zinachitika mu Malichi 1991. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe ku Blantyre, ndiponso m'mapiri a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Malo ambiri omwe anakhudzidwa kwambiri anali m'tsinde mwa mapiri ndi m'mphepete mwa makwawa.

Zizindikiro zimaoneka kwa amene akuyang'ana. Miyala ikuluikulu yobalalika pamalo a fulati kunsi kwa khwawa sinamere pamenepo. Inabwera ndi madzi, ndipo njira yomwe inadzera ikadalipo. Mitengo yopendekera kumunsi, ming'alu ya m'nthaka yodutsa chopingasa, kasupe wotumphuka pakati pa mtsetse, chigwembe chomwe chikukula chaka ndi chaka: zonsezi zikunena kuti nthaka ikuyenda. Nkhalango ya Zomba ndi Malosa yadulidwa kwambiri chifukwa cha makala ndi matabwa, ndiye madzi omwe kale ankalowa pansi tsopano amathamanga pamwamba.

Mapuloti amagulitsidwa kwambiri m'chilimwe, pamene anthu ali ndi ndalama za zokolola ndipo paliponse pauma. Nthawi yabwino yoonera malo ndi Januwale kapena Febuluwale, mvula itangogwa. Pamenepo dambo limadziulula, msewu womwe mu Okutobala unkadutsa galimoto umasanduka ngalande, ndipo dothi la makande, lomwe limafufuma likanyowa n'kung'ambika likauma, limaonetsa chomwe lidzachite ndi khoma la nyumba. Katondo ndi wokhazikika bwino pomanga.

Mtsetse umadya ndalama. Tiyerekeze kuti malo amatsika mita imodzi pa mamita asanu alionse. Nyumba ya mamita 10 kuchokera kumtunda kufika kumunsi idzakhala ndi kusiyana kwa mamita awiri pakati pa khoma la kumbuyo ndi la kutsogolo. Mamita awiriwo ndi kukumba, miyala, simenti ndi khoma lotchinjiriza dothi, munthu asanaike njerwa imodzi ya chipinda. Puloti yotchipa ya pamtsetse ikhoza kudula kuposa yodula ya pafulati. Amene wasankhabe pamtsetse akumbe ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwa nyumba, adzale vetiva m'mizere ya akalozera, ndipo agwirizane ndi a kumunsi za komwe madziwo azikathira, poti mikangano yambiri ya m'mapuloti imayamba ndi madzi a padenga la mnzako.

Malire a nkhalango ya boma ndi osakambirana. Nkhalango ya phiri la Zomba inakhazikitsidwa mu 1913, ndipo palibe mfumu kapena mwini esiteti yemwe angagulitse gawo lake. Ngati puloti yayandikira phiri, a za nkhalango paboma akaonetse pomwe mzere wawo wadutsa.

Pa esiteti yomwe inkaweta ng'ombe, wogula afunse pomwe panali dibi. Mankhwala a nkhupakupa a kale anali ndi poizoni wa arsenic yemwe amakhalitsa m'nthaka zaka zambiri. Pamenepo si pokumba chitsime kapena kulima ndiwo zamasamba. Koma pomwe panali khola ndi pa chonde.

Tepi, msewu ndi madzi

Malo ayezedwe ndi tepi, osati mapazi. Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000, ekala ndi pafupifupi 4,047, ndipo puloti ya 30 kwa 30 ndi 900. Ekala imodzi imatulutsa mapuloti otere anayi n'kutsala kamalo kochepa ka njira. Wogulitsa amene akuti mu ekala yake mutuluka asanu a 30 kwa 30 akugulitsa nthaka yomwe kulibe, kapena wadya msewu.

Msewuwo ulembedwe m'pangano ndi kukula kwake, wokwanira lole ya mchenga ndi ambulansi. Mapuloti a m'mphepete mwa M3 ali ndi vuto lina: msewu waukulu uli ndi malo ake a mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, ndipo chomangidwa m'menemo a Roads Authority akhoza kuchigwetsa. Pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM nawonso samangapo.

Za madzi, wogula asakhutire ndi mawu akuti "mpopi ukubwera". Afunse kuti ndi wa Southern Region Water Board kapena wa komiti ya madzi otsika m'phiri, ngati akulumikiza anthu atsopano, ndi ngati umatuluka mu Okutobala. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30. Pa puloti ya 15 kwa 30 zimenezi n'zovuta popanda kugwirizana ndi oyandikana nawo.

Ndalama ituluke pomaliza

Dobadoba amadya pa changu. Mawu ake ndi omwewo kulikonse: pali bwana wina wa ku Blantyre akubwera mawa ndi ndalama zonse. Wogula asatekeseke.

Pangano lilembedwe m'chilankhulo chomwe onse akumva. Likhale ndi maina monga alili pa zitupa za unzika, nambala ya chikalata ndi ya puloti, miyezo ya mbali zonse, maina a oyandikana nawo, mtengo, masiku olipirira, amene alipire saveya ndi misonkho, ndi mawu omveka akuti ndalama idzabwezedwa ngati umwini sudzatheka kusintha. Mboni zikhale za mbali zonse, kuphatikizapo mkazi kapena mwamuna wa wogulitsa. Ndalama idutse kubanki kupita ku akaunti ya mwini malo, osati ya dobadoba, ndipo gawo lalikulu lisungidwe mpaka chilolezo chitatuluka. Pa malo a lizi pamafunikanso kalata ya MRA yotsimikiza za msonkho, kulipira stamp duty, ndi kulembetsa dzina latsopano m'kaundula. Popanda kulembetsa kumeneku, m'maso mwa boma malowo akadali a wogulitsa, ndipo akhoza kuwagulitsanso kwa wina.

Banja likambiranenso dzina loti lilembedwe. Lamulo limalola mwamuna ndi mkazi kulembetsa pamodzi, ndipo izi zimateteza wotsala ndi ana maliro akachitika. Amene ali kunja kwa dziko ndipo akutuma m'bale aumirire kuti pangano ndi chikalata zikhale m'dzina lake, ndipo aone zithunzi za mapepalawo asanatumize gawo lachiwiri la ndalama.

Akamaliza kugula asasiye malo ali tchire. Adzale mitengo m'malire, alime, amange ngakhale kanyumba ka mlonda, chifukwa lizi imakhala ndi nthawi yoti munthu akhale atatukula malo, ndipo puloti yogona imaitana ogulitsa kachiwiri.

Banja lomwe lalipira kale koma likukayika lisadikire kuti mlandu uyambe. Litenge pangano, malisiti ndi mauthenga a pafoni lipite ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Zomba, ndipo ngati silingakwanitse loya, ofesi ya Legal Aid Bureau ili mumzinda womwewo. Lomwe silinalipire liyambire ku ofesi ya za malo sabata ino, ndalama ikadali m'thumba.